Tifunseni za Nkhonya: Kodi mdala wa heavyweight asiye liti?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya madala amene akukakamirabe mu ring, nde ndasankhapo angapo. Ena ndawadula chifukwa munalemba zitalizitali, musadandaule.

FUNSO: Achikulire, ine ndimakonda Derek Chisora kuyambira kalekale, mwina chifukwa ndi mwana wobadwira ku Mbare konkuno. Koma ndikamamuonera mtima umakhala m'mwamba, munthu uja amalandira zibakera zambiri zedi. Kodi wankhonya wa heavyweight angamenye mpaka zaka zingati asanapume? Pali malire ake?
Wowerenga wa ku Mbare, Harare

YANKHO: Achimwene, nambala mukuifunayo palibe angakupatseni, ndipo wina akakuuzani kuti ndi 38 kapena 40 basi dziwani kuti akungoyankhulapo. Rocky Marciano anasiya mu 1956 ali ndi zaka 32, atapambana nkhonya zake zonse 49. George Foreman anatenga lamba ali ndi zaka 45. Larry Holmes anamenya komaliza mu 2002 ali ndi 52. Onsewa ndi ma heavyweight, gulu la ankhonya olemera thupi kuposa onse, nde malirewo tiwalemba pati?

Ine chimene ndimawerenga si chaka chobadwa koma zibakera zimene mutu walandira. Zili ngati pogula minibasi, simungofunsa chaka chake ayi, mumafunsa kuti yayenda mtunda wautali bwanji komanso msewu wanji, chifukwa ya 2012 imene yakhala ikudya msewu wafumbi tsiku ndi tsiku itapakira matumba a chimanga imakhala yotheratu kuposa ya 2004 imene imangogona mu galaja. Tsono tiyeni timuone Chisora wanuyo. Anabadwa pa 29 Disembala 1983, anapita ku London ali mnyamata, nkhonya za ndalama anayamba mu 2007. Mu 2012 anapirira maraundi onse 12 ndi Vitali Klitschko ku Munich, chaka chomwecho David Haye anamumaliza mu raundi 5. Tyson Fury wamenyana naye katatu, 2011, 2014 ndi 2022, ndipo yachitatuyo refa anachita kuletsa mu raundi 10 anthu ambiri akunena kuti wachedwa kuletsa. Dillian Whyte kawiri, yachiwiri mu 2018 Chisora anagwa osadziwa kanthu mu raundi 11. Oleksandr Usyk wa ku Ukraine mu 2020, Joseph Parker kawiri mu 2021. Pofika Febuluwale 2025 pamene anagonjetsa Otto Wallin ku Manchester anali ndi zaka 41, nkhonya 49, zogonja 13, ndipo iye ankanena kuti akufuna afikitse 50.

Vuto si kugonja ka 13 ayi, ena agonjapo kambiri koma mutu uli bhobho chifukwa amadziwa kulewa. Vuto ndi kamenyedwe kake, Chisora amalowa ndi mutu, amalola kulandira ziwiri kuti iye aponye chimodzi, nde nkhonya iliyonse ngakhale wapambana amatuluka atatupa. Anthu timakonda zomwezo, tikiti imagulika chifukwa cha zomwezo, koma thupi ndi lake.

Munthu akamakula mu nkhonya zinthu sizithera limodzi. Choyamba kuchoka ndi miyendo ndi changu cha maso, chibakera amachiona chikubwera bwinobwino koma thupi limachedwa kulewa, mpata woponya amauona koma pamene dzanja likunyamuka mpatawo watsekeka kale. Kenako befu, raundi 7 kukhala ngati raundi 12. Kenako kuchira, bala kapena phewa limene kale linkapola sabata ziwiri pano litenga miyezi, ndipo ku jimu sangathenso kulimbikira ngati kale nde amafika tsiku la nkhonya osakonzeka mokwanira. Kenako mutu umasiya kupirira, chibakera chimene ali ndi zaka 28 ankangochiseka pano chimugwetsa. Chomaliza kuchoka ndi mphamvu ya dzanja, ndipo apa mpamene pali msampha, chifukwa mdala akamenya thumba ku jimu limalirabe ngati kale nde amati ndikadali bwino.

Chitsanzo chabwino ndi Alexander Povetkin wa ku Russia. Ogasiti 2020 ali ndi zaka 40 Whyte anamugwetsa kawiri mu raundi 4, aliyense anati zatha, raundi 5 Povetkin anatulutsa uppercut imodzi yokha, chibakera chochokera pansi kupita m'mwamba, Whyte n'kugona. Mphamvu inalipo. Koma atakumananso ku Gibraltar mu Malichi 2021, atadwalaponso Covid, miyendo inkachita kugwedera kuyambira raundi yoyamba, anatha mu raundi 4 ndipo miyezi yochepa anasiya. Pakati pa nkhonya ziwirizi panangodutsa miyezi 7 yokha.

Nde mukandikakamiza kuti ndinene maganizo anga, ambiri amayamba kutsika pakati pa zaka 35 ndi 38, ochepa amene sanamenyedwe kwambiri amakoka mpaka 40 kapena 41, kupitirira apo ndi mwayi chabe. Chisora ine ndikanakhala m'bale wake ndikanamugwira dzanja usiku wa Fury wachitatu uja mu 2022, zoti anapambana zina pambuyo pake sizindisintha maganizo.

FUNSO: Ine ndi alamu anga tatsutsana mpaka chakudya kuzizira. Iwo akuti zaka si kanthu chifukwa Foreman anakhala champion ali ndi 45. Ine ndikuti zinangochitika mwangozi. Olondola ndani?
Wowerenga wa ku Chilomoni

YANKHO: Nonse mwakhoza theka theka, koma auzeni alamu anu kuti nkhani ya Foreman aifotokoze yonse osangotola pothera. Foreman anabadwa mu 1949, anatenga golide ku Olympics ya ku Mexico mu 1968, analanda lamba kwa Joe Frazier mu 1973 ku Kingston, Muhammad Ali n'kumulanda ku Kinshasa mu Okutobala 1974. Mu 1977 atagonja kwa Jimmy Young anasiya, ali ndi zaka 28 zokha, n'kukakhala mlaliki ku Houston. Zaka 10 zathunthu mutu wake sunalandire chibakera. Pamene anzake amsinkhu wake ankaphwanyana, iye ankalalikira ndi kudya, nde pobwerera mu 1987 ali ndi zaka 38 anali wonenepa inde koma wosaphwanyika.

Chachiwiri sanathamangire akuluakulu. Anayamba ndi anthu osatchuka, kumenya pafupipafupi, kupambana nkhonya zoposa 20 asanakumane ndi Evander Holyfield mu 1991 ali ndi zaka 42, ndipo anagonja pa mapointi. Mu 1993 Tommy Morrison anamugonjetsanso pa mapointi pongomuzungulira osaima naye. Anasinthanso kamenyedwe, sankathamangitsanso munthu ngati ali mnyamata, ankangoyenda pang'onopang'ono, manja atapingasa kumaso, jab (chibakera chowongoka cha dzanja lakutsogolo) yolemera, kudikira.

Tsiku lenilenilo, 5 Novembala 1994 ku Las Vegas, Michael Moorer anali ndi zaka 26 ndipo anali asanagonjepo. Maraundi 9 Moorer anamukuntha mdalayo, majaji onse atatu anali kumbali ya Moorer, nkhope ya Foreman itatupa. Raundi 10 Moorer anaima kutsogolo kwake m'malo mozungulira, dzanja lamanja lalifupi linapeza chibwano, basi. Nde mwangozi ayi, chifukwa Foreman anadikira chibakera chimenecho usiku wonse ndipo anadziwa chimene akufuna, koma musaiwale kuti akanapanda kuchipeza bwenzi lero tikunena za mdala amene anamenyedwa maraundi 12 popanda chifukwa.

Ndipo taonani zimene anachita atatenga malamba. WBA, limodzi mwa mabungwe opereka malamba, inamulanda lamba chifukwa anakana kumenyana ndi Tony Tucker. Mu 1995 anapambana Axel Schulz wa ku Germany pa mapointi amene ambiri sanagwirizane nawo, IBF, bungwe la lamba winayo, itati mubwereze iye anakana, lamba n'kupita. Anadziwa pofika mphamvu zake munthu uja. Yomaliza inali 1997 ndi Shannon Briggs ali ndi zaka 48, majaji anapatsa Briggs ngakhale ambiri anaona kuti mdala wapambana, ndipo sanabwererenso, sinanga ndalama zinali zikulowa kale kuchokera ku makina owotchera nyama aja a dzina lake, zoposa madola 100 miliyoni. Anamwalira mu Malichi 2025 ali ndi zaka 76. Asanabwere iye, wamkulu kwambiri kutenga lamba wa heavyweight anali Jersey Joe Walcott mu 1951 ali ndi zaka 37, ndipo chichokereni 1994 palibe heavyweight wina watenga lamba wamkulu ali ndi 45. Alamu anu akutenga munthu mmodzi kumusandutsa lamulo.

FUNSO: Bwanji ma heavyweight amakhalitsa kuposa anyamata opepuka aja?
Wowerenga wa ku Chipata

YANKHO: Heavyweight ndi aliyense wopitirira mapaundi 200, ngati makilo 91, ndipo kumwamba kulibe malire, nde sazunzika ndi kuchepetsa thupi. Opepuka aja amadzimana chakudya ndi madzi kuti akwane pa sikelo, zaka 10 za moyo umenewo zimamaliza munthu. Komanso nkhonya za opepuka zimadalira changu, zibakera zambirimbiri raundi iliyonse, pamene kwa akuluakulu masewera amayenda mofatsa ndipo chibakera chimodzi chimatha kuthetsa nkhani. Corrie Sanders wa ku South Africa anagwetsa Wladimir Klitschko mu raundi 2 ku Hanover mu 2003 ali ndi zaka 37, munthu woti nthawi yambiri ankathera ku gofu. Zhang Zhilei wa ku China anamaliza Deontay Wilder mu 2024 ali ndi 41. Usyk anamaliza Daniel Dubois ku Wembley mu Julayi 2025 ali ndi 38. China n'choti anthu aatali ndi olemera chonchi amene amadziwanso nkhonya ndi ochepa padziko, nde mdala wa dzina amasowa womuchotsa msanga.

FUNSO: Achikulire, kodi matenda a Muhammad Ali aja anabwera chifukwa chochedwa kusiya? Bambo anga amati akanasiya atamenya Foreman bwenzi ali bwino.
Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Bambo anu akunena zomwe anthu ambiri a nkhonya amanena. Ali anapezeka ndi matenda a Parkinson mu 1984, ndipo madokotala mpaka lero amasiyana maganizo ngati nkhonya zokha ndi zimene zinayambitsa, poti matendawa amagwiranso anthu oti sanavalepo magulovu. Koma za zaka zake zomaliza mu ring palibe chotsutsana, zinali zomvetsa chisoni.

Ku Kinshasa anali ndi zaka 32. Chaka chotsatira ku Manila iye ndi Frazier anaphwanyana maraundi 14 m'kutentha koopsa, ndipo onse awiri sanakhalenso ngati kale. Mu 1977 atamenyana ndi Earnie Shavers, munthu wa dzanja lolemera kwambiri, dokotala wake Ferdie Pacheco anamuuza kuti asiye, atakana dokotalayo anachoka mu timu. Mu 1978 anagonja kwa Leon Spinks n'kubwezera chaka chomwecho, 1979 anati ndapuma. Apa nkhani ikanathera pabwino. Koma Okutobala 1980 ali ndi zaka 38 anabwerera kudzakumana ndi Larry Holmes, amene kale anali mnyamata womuthandiza pa sparring, nkhonya zoyeserera ku jimu. Anaonda mothandizidwa ndi mankhwala a chithokomiro, pa zithunzi ankaoneka ngati mnyamata koma mkati munalibe kanthu, maraundi 10 ankangolandira osabweza mpaka kochi wake Angelo Dundee analetsa. Holmes mwiniwake analira itatha. Ndipo sizinathere pomwepo, Disembala 1981 anakamenyanso ndi Trevor Berbick ku Nassau, ku Bahamas, n'kugonja pa mapointi, mwezi umodzi asanakwanitse 40. Nthawi imeneyo mawu ake anali atayamba kale kukoka, mukaonera zokambirana zake za pa TV za 1974 ndi za 1981 simufunika dokotala kuti akuuzeni.

Chimachitika n'chiyani m'mutu? Ubongo umakhala m'timadzi mkati mwa chigaza, chibakera chikapeza chibwano mutu umatembenuka mwadzidzidzi nde ubongo umagwedezeka n'kugunda fupa, timitsempha ting'onoting'ono timakokeka. Kamodzi munthu amachira, koma kambirimbiri kwa zaka 20 zipsera zimaunjikana. Ndipo si zapa TV zokha ayi, zibakera zambiri amalandira ku jimu pa sparring komwe palibe akuwerenga. Munthu akamakula ubongo umafota pang'ono ndipo mitsempha yolumikiza ubongo ndi chigaza imang'ambika mosavuta, nde magazi kutayikira mkati. Dokotala wina wa ku America, Harrison Martland, analemba za vutoli mu 1928, si zachilendo. Zizindikiro zake ndi kuyankhula ngati waledzera asanamwe, kuiwalaiwala, kuyenda modzandira, kupsa mtima msanga, manja kunjenjemera. Choipa chake zimaonekera patapita zaka munthu atasiya kale, ndiye pamene akusaina kontrakiti yomaliza amadzimva bwinobwino.

Jerry Quarry, amene anamenyana ndi Ali kawiri komanso Frazier kawiri, anamenyanso mu 1992 ali ndi zaka 47 mutu utayamba kale kusokonekera, anamwalira mu 1999 ali ndi 53 atafika posatha kudzisamalira. Ameneyu anthu samutchula akamakamba za Foreman.

FUNSO: Ine nkhonya ya Mike Tyson ndi Jake Paul ndinadzuka usiku kuionera pa foni, bandulo yanga inapita pachabe. Munthu wandalama ngati uja amafunanji mu ring ali ndi zaka 58?
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Pepani ndi bandulo, simunali nokha kkkk. Inali 15 Novembala 2024 ku Arlington, Texas, Tyson 58, Paul 27. Anachita kufupikitsa maraundi kukhala 8 a mphindi 2 m'malo mwa 3, magulovu akuluakulu a ma ounce 14, ndipo tsiku linasinthidwa kuchoka mu Julayi chifukwa mdalayo anadwala zilonda za m'mimba. Maraundi awiri oyamba anayesako, kenako miyendo inakana. Kwa ine Tyson weniweni anatha kalekale, mu Juni 2005 ali ndi zaka 38 pamene anakana kudzuka pa mpando itatha raundi 6 ndi Kevin McBride, munthu woti Tyson wa 1988 sakanatha naye mphindi ziwiri. Ndipo kamenyedwe ka Tyson ndi kamene kamakalamba msanga, munthu wamfupi wodalira kugwedeza mutu ndi kulumphira mkati mwachangu, changucho chikachoka amangokhala wamfupi basi. Iye anatenga lamba ali ndi zaka 20 mu 1986, kwa Berbick yemwe uja anamenya Ali, anapsa msanga n'kuthanso msanga.

Amafunanji? Ndalama choyamba, tisanamizane. Tyson yemweyo analengeza kuti wagwa mu ngongole mu 2003 atadya mamiliyoni osaneneka. Nkhaniyi ndi yakale, Joe Louis anasunga lamba kuyambira 1937 mpaka 1949, anauteteza ka 25, anapuma ali champion, koma ngongole ya msonkho ku boma la America inamubweza mu 1950, Ezzard Charles anamugonjetsa, kenako mu Okutobala 1951 Marciano anamutulutsira kunja kwa zingwe mu raundi 8 ali ndi zaka 37. Wankhonya alibe penshoni, ndalama imabwera yambiri nthawi imodzi, ogawana nawo ambiri, pulomota, manijala, kochi, msonkho, abale, anzake oyenda nawo, ikatha ntchito ina saidziwa.

Koma si ndalama zokha. Munthu wayamba ali ndi zaka 12, tsiku lake lonse ndi kuthamanga m'mawa, jimu masana, dzina likuitanidwa sitediyamu yonse kuimirira, nde mukamuuza kuti khala kunyumba uzithirira maluwa amasowa kuti iye ndi ndani. Tyson Fury wanenapo poyera za vuto la maganizo limene linamugwira atasiya kumenya pambuyo pogonjetsa Wladimir Klitschko mu 2015, ndipo mwaona nokha kuti iye kulengeza kuti wapuma kenako kubwerera ndi kangapo. Ndipo mapulomota amawakonda madalawa, dzina lakale limagulitsa tikiti komanso limakweza mnyamata amene akubwera, akamumenya amati wagonjetsa champion wakale pamene wangomenya dzina.

FUNSO: Kodi palibe lamulo lowaletsa? Boma limangoonerera?
Wowerenga wa ku Tete

YANKHO: Ku nkhonya za Olympics malire alipo, zaka 40. Ku za ndalama kulibe bungwe limodzi lolamulira dziko lonse ngati FIFA ku mpira, laisensi imaperekedwa ndi dziko lililonse palokha, ndipo ku America chigawo chilichonse chili ndi komiti yake. Ku Britain bungwe lawo limafuna kuti wankhonya aunikidwe ubongo chaka chilichonse, madera ena amawonjezera zoyeza munthu akakula. Koma akakukana kuno umangopita uko. Holyfield atagonja kwa Larry Donald mu 2004, New York inamuletsa kuti luso latsika kwambiri, iye anakapeza laisensi ku Texas n'kupitiriza mpaka 2011 ali ndi zaka 48. Mu 2021 ali ndi 58 California inakana kuti amenyane ndi Vitor Belfort, masewera onse anangowasamutsira ku Florida, mdala anatha mu raundi yoyamba akuchita kupunthwa yekha. Chisora yemwe uja, Britain itamulanda laisensi mu 2012 chifukwa cha khalidwe, anamenyana ndi Haye mu London momwemo pa laisensi ya ku Luxembourg.

Zoopsa zenizeni zimachitika m'maholo ang'onoang'ono opanda makamera. Greg Page, amene analanda lamba wa WBA kwa Gerrie Coetzee ku Sun City mu 1984, anali akumenyabe mu 2001 ali ndi zaka 42 ku Kentucky pa kandalama kochepa, anagwa mu raundi 10, magazi anatayikira mu ubongo, thandizo linachedwa, anakhala wolumala mpaka kumwalira mu 2009.

FUNSO: Mwangotchula ogwa okhaokha. Alipo anasiya bwino?
Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO: Alipo koma ndi owerengeka. Lennox Lewis ndi amene ine ndimamuvulira chipewa. Anagonja kawiri kokha, kwa Oliver McCall mu 1994 ndi kwa Hasim Rahman ku South Africa mu 2001, onse anawabwezera. Juni 2003 ku Los Angeles Vitali Klitschko anamuvuta zedi, anali patsogolo pa mapointi pamene dokotala analetsa itatha raundi 6 chifukwa cha bala loopsa pa diso la Vitali. Dziko lonse linkafuna abwereze, ndalama zinali pa tebulo, Lewis anaganiza miyezi ingapo n'kulengeza mu Febuluwale 2004 kuti basi, ali ndi zaka 38 lamba ali m'manja. Ena amati anathawa. Ine ndimati anamva zimene thupi linamuuza usiku umene uja, ndipo mukamumva akuyankhula pa TV lero mawu ali gwa. Vitali naye anamenya komaliza mu 2012 ali ndi 41 ali champion, n'kulowa ndale mpaka kukhala meya wa Kyiv mu 2014. Mng'ono wake Wladimir anagwetsana ndi Anthony Joshua ku Wembley mu Epulo 2017 ali ndi 41, anatha mu raundi 11, mwayi wobwereza unalipo koma mu Ogasiti anati zikomo. Onse atatuwa ndi aatali, ankamenya patali ndi jab osalola kugundidwa wambawamba, ndalama anasunga, komanso anali ndi china chochita kunja kwa ring.

FUNSO: Achikulire ndithandizeni. Amuna anga ali ndi zaka 41, ndi athupi lalikulu, akhala akumenya nkhonya kuno kwathu kuyambira tisanakwatirane. Ziwiri zomaliza anagwa osadzuka, ndipo masiku ano amaiwala zinthu, nthawi zina amadandaula mutu. Pano wina wawalonjeza ndalama kuti amenye imodzi yomaliza, akuti tilipirire ana fizi. Ndikawaletsa amati sindiwakhulupirira. Nditani?
Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, apa sindizungulira, asamenye. Kugwa osadzuka kawiri motsatizana, kuiwala ndi mutu kuwawa ndi zizindikiro zoti ngakhale akanakhala ndi zaka 25 ndikanati aime kaye. Zimene ndafotokoza pamwambapa za Foreman ndi a Klitschko ndi za anthu okhala ndi madokotala awoawo, oyezedwa ubongo asanalowe mu ring, ambulansi ili panja. Afunseni bambowo kuti tsiku limenelo dokotala adzakhalapo, galimoto yothamangira kuchipatala idzakhalapo, nanga atavulala adzalipira ndani, mumve yankho lake. Komanso dziwani kuti munthu wa zaka 41 amene wagwa kawiri saitanidwa kuti akapambane, amaitanidwa kuti mnyamata wina akwererepo.

Musalimbane nawo nokha m'nyumba, mwamuna wankhonya akamva mkazi akuti siyani amamva ngati mukuti ndinu ofooka. Pezani munthu amene amamumvera, kochi wawo wakale, malume awo, ankhoswe, kaya abusa, muwafotokozere za kuiwalako mosabisa. Chachiwiri muwapemphe chinthu chimodzi chokha, kuti asanasaine kalikonse mupite limodzi kuchipatala chachikulu akaonane ndi dokotala, ndipo inu mukalowe nawo chifukwa okha akakanena kuti ali bwinobwino. Mukanene zonse, kugwa kuja, mutu, kuiwala, ngati amapsa mtima kuposa kale mukanenenso. Sparring aisiye kuyambira lero, kuthamanga ndi kumenya thumba apitirize palibe vuto. Ngati akukakamirabe, bungwe loyang'anira nkhonya za ndalama limene limapereka chilolezo muli ndi ufulu wolidziwitsa, adzakwiya inde koma mkwiyo umatha.

Za fizi ndikumva, si nkhani yaing'ono. Koma munthu wa zaka 20 mu nkhonya ali ndi chogulitsa china osati mutu wake, anyamata ofuna kuphunzira alipo, ma jimu m'tauni amafuna anthu odziwa kugwiritsa ma pad, ena amalowa urefa ndi ujaji. Ndalama yake ndi yochepa koma imabwera mwezi ndi mwezi. Mukapita kuchipatala mudzandilemberenso zimene dokotala wanena.